Khonde la a Whyson ndi Papaya Adadula Uja

Panali munthu wina m'komboni ya George ku Lusaka, dzina lake Whyson, kwawo ku Katete. Amene anandiuza nkhaniyi analipo tsikulo, ndipo mpaka lero akamaifotokoza amagwira mphuno.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, masiku ofola pamzere pogula sopo. Whyson ankaphika kunyumba kwa mzungu wina ku Kabulonga. Kuseli kwa nyumbayo kunali khonde lasimenti pomwe alendo ankamwera tiyi. Iye ankalikolopa tsiku ndi tsiku, mtima ukumudya kufuna lake lotere.

Kenaka kunabwera uthenga woti Mutale, mnyamata wachibemba wogwira ntchito kumigodi ku Kitwe, akufuna kukwatira Petronella, mwana mmodzi yekhayo wa Whyson. Akwawo kwa mnyamatayo afika pakatha milungu itatu. Whyson anayang'ana kuseli kwa nyumba yake, yomwe anali atangoigula chaka chathacho. Kunali fumbi, nkhuku, ndi mtengo umodzi wa papaya wonenepa modabwitsa. Anati anthu ozolowera nyumba zamagetsi akawakhazika pamphasa amunyozera mwana. Amanga khonde, ndipo amanga yekha. Munthu woti sanaumbepo ngakhale njerwa imodzi!

Akunola nkhwangwa yoti adulire papaya uja, anatulukira a Mainess, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene anafika m'kombonimo kusanabwere ndi mpopi womwe.

"BaWhyson, iyo papaya musajube," anatero. "Apo panali chimbuzi cha bene bakudala. Kuno chikazala timakwilila, nakubyalapo mutengo kuti bantu bazibe."

"Bamayi, ine nasebenza na bazungu zaka teni. Simenti siyopa chimbuzi." Anaponda pansi kawiri ndi chidendene. "Mwamvela? Palimba."

"Pamwamba palimba. Nanga pansi mwaonako?"

Whyson anapitiriza kunola nkhwangwa yake. Papaya anagwa tsiku lomwelo.

Apa mpamene mutu wake unayamba kuzungulira. Anathira ndowa yamadzi kuti dothi likhazikike, madzi onse anangoti myuu, osasiya ngakhale thope. Anathira ina, chimodzimodzi. Iye anati ndiye kuti dothilo ndi labwino. Anayala miyala, kusakaniza simenti ndi mchenga, kuthira, kusalaza ndi thabwa. Poyeza ngati pali pofanana ankagoneka botolo lamadzi pathabwapo. Lero payezeka bwino, mawa lake botolo likugubudukira pakati.

"Nivichani ivi?" ankadzifunsa, manja ali m'chiuno.

Anati vuto ndi botolo, nasintha botolo. Patatha masiku anayi panaoneka mng'alu wozungulira ngati kukamwa kwa mgolo. Anati vuto ndi mchenga, namata. Mng'alu unabwerera malo omwewo. Anati ndiye ndi dzuwa, nayamba kuthirira khondelo mmawa ndi madzulo, ndowa zisanu zisanu, madzi n'kumalowera mumng'alumo. Ntchentche zitayamba kusonkhana pamenepo, Whyson anapeza yankho lomwe linamukhutiritsa: a Mainess akumuchitira nsanje ndipo amupondera mankhwala. Analeka kuwapatsa moni.

Petronella anayesako. "Batate, nanga tikabankazika chabe munyumba?"

"Munyumba mwachepa. Nachitila iwe ivi vonse, mwanawanga."

Ndipo sankanama, n'chifukwa chake nkhaniyi imandimvetsa chisoni. Anamata kachitatu, napaka polishi wofiira mpaka khonde lonse linachita kung'anima.

Loweruka masana alendo anafika. Wowatsogolera anali a Chisala, malume ake a Mutale, munthu wathupi, atavala suti yotuwa, atanyamula mbale ziwiri zovundikirana zofunsira mbeta. Whyson anawapatsa mpando wabwino kuposa yonse, pakati penipeni pa khonde, paja panali papaya. Anthu a m'komboni anali atadzaza kumpanda wamaudzu, maso pamwamba pake.

A Chisala anatsokomola nayamba kulankhula. Whyson akumvetsera, anaona ngati mlendoyo akufupika. Anatikita maso. Mutu wa a Chisala, womwe poyamba unkalingana ndi zenera, tsopano unali m'munsi mwake. Whyson anayang'ana mpando wake, kuganiza kuti mwina iyeyo ndiye akukwera.

"Bushe ichi chipuna chili bwino?" anafunsa a Chisala m'Chibemba, akunena za mpando wawo.

Asanayankhidwe kunamveka phwaa! Mpando, suti ndi munthu zinalowa mpaka m'chifuwa. Mbale zokha ndi zomwe zinatsala m'mwamba, chifukwa mkuluyo sanazisiye. Fungo lomwe linatuluka linabalalitsa anthu onse kumpanda kuja.

Whyson anangoima kukamwa yasa. "Koma simenti inali yabwino," ankatero mobwerezabwereza. Amene anathamanga ndi chingwe cha pachitsime, kuitana amuna oti akoke, kutereka madzi ndi kutulutsa sopo wawo yemwe anamufolera tsiku lathunthu, anali a Mainess.

Atasamba, a Chisala anavala chitenje chobwereka, natenga mbale zawo zili chivundikire. Pachipata anatembenuka.

"Batiuza ati munauzidwa. Ngati simumvela ba neba, muzamvela ise?"

Sanabwerenso. Mutale analemba kalata imodzi yopepesa, chaka chotsatira n'kukwatira mtsikana wa ku Mufulira. Petronella sanalire pamaso pa bambo ake. Anangoti, "Batate, sembe banankala pa mpasa."

Mvula itayamba, Whyson anagogoda kwa a Mainess, chipewa chili m'manja, kukapempha mbewu ya papaya. Anakwirira dzenje lija nadzalapo yekha. Akuti aliyense wofika pakhomopo ankamulozera mtengowo asanamupatse n'komwe mpando.

Phunziro: Usanamange chilichonse pamalo pomwe sunabadwire, funsa amene unawapeza, ndipo akakuuza, imva. Kudziwa zakumayadi sikudziwa zapansi pa bwalo lako. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka uja wagula kale simenti koma sanafunse aliyense.