Sitima Yokwera ndi Maliro a Mayi a Njiri

Padangokhalatu, nyama zinali ndi sitima ziwiri za magetsi zokoka mphamvu pa waya mmodzi, ina yotsika phiri kupita m'tauni, ina yokwera. Magetsiwo anali operewera. Funso lathu nali: n'chifukwa chiyani yokwera inkafera pachitunda Njiri akamayendetsa yotsika, koma inkafika pamwamba akamayendetsa Bilimankhwe?

Njiri ankatsika mwaliwiro, n'kudzaponda mabuleki achitsulo pasiteshoni penipeni mpaka mawilo kufuka utsi. Ankamunyoza mnzake Bilimankhwe kuti, "Achimwene, inu mumayamba kuima musanafike n'komwe. Ndi mantha kapena ukalamba?"

Kenaka mayi a Njiri anamwalira. Bokosi linakwezedwa m'sitima yokwera, Njiri ali pambali pake. Adzukulu anali atamaliza kukumba kumudzi pamwamba pa phiri, ndipo dzuwa linali litapendeka. Pachitunda paja sitima inayamba kufooka, nyale zinachita mdima, azimayi operekeza maliro analeka kuimba. Pomwepo yotsika inadutsa pang'onopang'ono, Bilimankhwe ali kutsogolo. Nyale zinawalanso, sitima inakoka, ndipo maliro anaikidwa kusanade.

Atabwerako kumanda, Njiri anafunsa motsitsa mawu, "Munatani paja, achimwene?"

"Pepani ndi zovutazi," anatero Bilimankhwe. "Ine sindiponda zitsulo. Ndimalola mawilo kuzunguza injini, injiniyo n'kupanga magetsi, n'kuwabwezera mu waya. Ndiwo anakweza mayi athu."

Yankho ndi limenelo: sitima ikamaima, mphamvu yake imayenera kupita kwinakwake. Njiri ankaiwotcha m'mawilo, pamene Bilimankhwe ankaipereka kwa sitima yokwera.