Chule Wanga Wagona M'dothi

Chibwerereni lamulo loti khomo lililonse lizisunga kanyama kamodzi kophunzitsira ana, ine mtendere ndilibe. Nangozo, woyandikana nane nyumba, anampatsa nanzikambe. Ine anandipatsa chule, ndipo chilimwe chitangofika anadzikwirira m'dothi la m'beseni lomwe timamusungiramo, kuli zii.

Mwana wanga Mwatitha amangokhalira kwa Nangozo, kuonerera nanzikambe akusintha mtundu. Dzulo zinandikwana. Ndinatunga madzi kuti ndikhuthulire m'besenimo, chuleyo atuluke nayenso aonedwe.

Mwatitha anandigwira mkono. "Amayi, musamunamize kuti mvula yabwera! Akatuluka pano afa ndi dzuwa. Kugonako ndiye kupulumuka kwake."

"Wakuuza ndani zimenezo?" ndinamufunsa.

"Anangozo. Chule wathuyu amamudziwa bwino kuposa inuyo."