Fomu Yachikasu

Panali munthu wina, bambo wachikulire, amene anasesa ndi kukolopa pasukulu ina yophunzitsa kayendetsedwe ka bizinesi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Iye sukulu anailekeza kalasi yachinayi. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wogwira ntchito mosungira katundu pakampani ya matayala. Pakhomo ankamutcha Manijala, chifukwa chiyambire ubwana ankakonda kulamula anzake.

Tsiku lina abwana ake anamuitana Manijala. "Chaka chino tikutumiza munthu mmodzi kusukulu ya bizinesi ija, ndipo tasankha iwe. Ukapeza malo, zonse ndi za kampani. Ukalephera, mwayi upita kwa wina. Sitibwereza."

Mkulu uja atamva, anavina ndi nsapato imodzi kuphazi. Mwana wake, kukakhala pampando m'kalasi imene iye amakolopa!

Tsono kuti munthu alowe sukulu zoterezi amayamba walemba mayeso olowera, ndipo analipo amitundu iwiri. Ena fomu yake inali yabuluu, odzaza masamu. Ena fomu yachikasu, ochuluka zowerenga ndi kulemba. Kale sukuluyo inkalandira onse.

"Mwana wanga, ulembe abuluu," anatero mkuluyo. "Achikasu chaka chino awasiya."

"Mwawerenga kuti, ababa?"

"Sindinawerenge. Ndinkagawa tiyi pamsonkhano wa akuluakulu. Wapampando anakweza fomu yachikasu m'mwamba, anzake anakweza manja, ndiye anaiponya mubini. Biniyo ndinakataya ndine."

Manijala anaseka mpaka kutsamwa. "Amayi, mwamva? Tsache lalowa m'komiti! Nanga Chizungu chawocho munachimva, ababa?"

"Chizungu sindimva, koma maso ndili nawo."

"Tangopita ukafunse kuofesi konko," anatero amayi ake. "Miyendo yathyoka?"

Koma Manijala sanapite. Sankafuna kuti akalowe muofesi atavala tayi, anthu n'kumanong'onezana kuti si mwana wa wokolopa uja uyu. Ana amene tinawaphunzitsa ndi zikhatho zong'ambika ndi sopo amatero akakula.

M'malo mwake anakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya mankhwala, kwa munthu wina wokonzekeretsa anthu mayeso, amene ankadzitcha Pulofesa. Munthu wosamudziwa n'komwe. Pulofesayo anatulutsa kabuku konyezimira ka sukulu ija.

"Achimwene, onani nokha, onse awiri amalandira. Masamu mukuwafuniranji, mudwale mutu? Wakunamizani ndani?"

"Madala ena ake osesa pamenepo."

Sananene kuti ndi bambo ake. Ndipo Pulofesa sananene kuti kabukuko kanali ka chaka chatha, kapena kuti iye amadziwa kuphunzitsa achikasu okha.

Patapita mwezi, chidziwitso chinatuluka, ndipo amene anatumidwa kukachikhoma pabolodi anali mkulu yemweyo. Anapempha mayi wa muofesi yolembetsa kuti amupatseko pepala lina, nabwera nalo kunyumba atalipinda bwino m'thumba la malaya.

"Werenga wekha, poti iwe ndiye wodziwa Chizungu."

"Mwayambanso, ababa? Tsobola wakale sawawa. Siyani pamenepo, ndiona."

M'mawa mkuluyo anapeza pepala lija lili chipindire, pamwamba pake pali kapu ya tiyi.

Analisiya pomwepo. Miyezi itatu sanatsegule wailesi kuti mwana awerenge. Ankadziuza kuti mwina wolakwa ndi iye, munthu wa kalasi yachinayi. Ankapemphera kuti akhale wolakwa.

Manijala analemba achikasu, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Tsiku lokapereka zotsatira anavala suti. Bambo ake atamuona pageti, anakokera ndowa kuseri kwa chitseko n'kubisala komweko, kuti mwana asachite manyazi. Koma zonse ankamva.

"Pepani bambo," anatero mayi wa muofesi, akukankhira envulopu kwa mwini wake. "Awa tinasiya kulandira. Chidziwitso chili pabolodi panjapo."

"Koma taonani malikisiwo, mayi!"

"Ndawaona, ndi abwino zedi. Koma si athu."

"Nanga abuluu ndingalembe liti?"

"Omaliza analemba sabata yatha. Ife tikutseka kulandira mafomu Lachisanu." Mayiyo anayang'ananso dzina pa envulopu. "Dikirani. Inu si mwana wa madala athu aja? Iii, chaka chonse akhala akunyadira inu. Paja pepala ndinawapatsa ndine. Sanakupatseni?"

Manijala anatola envulopu yake. Anatuluka, nadutsa pafupi ndi chitseko chija, nsapato zake n'kusiya madindo pamene bambo ake anali atangokolopa.

Anathamangira kwa Pulofesa. Iye anangotambasula manja. "Ine ndinakuphunzitsani, inu mwakhoza. Yanga inathera pomwepo."

Kampani inatumiza wina, mnzake amene Manijala anachita kumuphunzitsa ntchito.

Madzulo a tsiku limene Manijala anamva zimenezi, mkuluyo anapeza mwana wake atakhala pakhonde, tayi ili m'manja. Anakhala pambali pake. Sanafune kunena kuti ndinakuuza. Ankangofuna kumugwira paphewa.

Manijala anadzutsa mutu, maso ali psuu.

"Ababa, inu munkadziwa. Bwanji simunandikakamize?"

Mkuluyo anali atakweza kale dzanja kuti amugwire paphewa. Analibweza pabondo.

"Pepa, mwana wanga," anatero.

Wopepesa anali iyeyo.

Phunziro: Usanasankhe mayeso, pita wekha ukafunse kusukulu imene ukufuna, osati kwa munthu amene akudyera pa iwe. Safunsa anadya phula. Ndipo kholo lako, ngakhale ligwire tsache, lili ndi maso. Usalinyoze lero kuti mawa ulisenzetse mlandu wako. Tumizani nkhaniyi kwa ana anu ndi onse amene akukonzekera mayeso, aiwerenge mafomu asanadzaze.