Malata a Jameson

Panali munthu wina ku Chitipa, mmisiri womanga nyumba, dzina lake Jameson Sichali. Amene ankamudziwa akuti khoma akamanga iye, sipankafunikanso woyeza. Koma mukudziwa mmene amisiri alili, amamangira anzawo iwo akugona modontha. Kwa zaka khumi, iye, mkazi wake Tina ndi mwana wawo Ivy ankatchera mabeseni m'nyumba mvula ikamagwa.

Atapeza ntchito yomanga masitolo pa Boma, anapita kwa Mayi Rebecca Kayange, ogulitsa zipangizo zomangira, n'kutenga malata makumi awiri pa ngongole. Anagwirizana kuti azilipira mwezi ndi mwezi kwa chaka chimodzi. Mayiwa anali akuthwa pakamwa. Ukachedwa tsiku limodzi, msika wonse unkadziwa. Jameson sankachedwa.

Atalipira miyezi isanu ndi iwiri, anayamba kutsokomola. Kuchipatala anamupeza ndi chifuwa chachikulu. Anamupatsa mankhwala ndi chiponde chopatsa mphamvu, n'kumulangiza kuti azidya bwino, apume, ndipo asadumphitse kumwa mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Kuntchito anamuuza kuti njerwa sizidikira munthu, analemba wina.

"Awiske Ivy," anatero Tina kwa mwamuna wake, "pitani mukawauze Mama Kayange kuti mukudwala. Nawonso ndi munthu, akamva."

"Yayi. Sunamve za uja wa ku Misuku? Akuti anamusasula denga mvula ikugwa."

"Wakuuzani ndi ndani?"

"Amakamba pa bawo."

Za pa bawo! Munthu wosasulidwayo panalibe womudziwa dzina, koma Jameson anakhulupirira mphekeserazo kuposa mawu a mkazi wake. Anamuletsa Tina kuti asayerekeze kuulula.

Anagulitsa mbuzi. Anagulitsa nkhuku zonse zimene zikanamupatsa mazira. Kenako anayamba kugulitsa mobisa chiponde cha kuchipatala chija. Mwezi ukatha ankavala jekete lalikulu kuti nthiti zisaoneke, n'kupita kukalipira yekha.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Mayi Kayange anamuyang'ana modabwa.

"Dada, kutentha konseku, inu jekete?"

"Ndi fasho, mama," anayankha akuseka.

"Ntchito ikuyenda?"

"Makola chomene."

Chifuwa anachigwira mpaka anatuluka. Anakatsokomolera kuseri kwa sitolo, atagwira khoma.

Zogulitsa zitatha, anayamba maganyu oumba njerwa. Mankhwala aja akawamwa m'mimba mulibe kanthu ankachita chizungulire, ntchito osayenda. Anayamba kudumphitsa masiku. Posakhalitsa anasiyiratu.

Tina anamugwadira akulira. "Denga tingagule lina. Nanga inu ndikakugulani kuti?"

"Yangotsala miyezi iwiri, Anyina Ivy. Ndikamaliza ndipuma, mankhwala ndiyambiranso. Sindikufuna iwe ndi mwanayu mubwerere ku mabeseni."

Musamuweruze msanga. Jameson sanali chitsiru, komanso sanali wouma mtima. Ankawakonda anthu ake, ndipo chikondi chosakanikirana ndi mantha chimamugonthetsa munthu m'kutu.

Mu Disembala inakwana ndalama yomaliza, koma mwini wake sanathenso kudzuka pamphasa. Anaikulunga pakansalu n'kutuma Tina.

"Nanga adada ali kuti lero?" anafunsa Mayi Kayange akuwerenga ndalamazo.

Tina anayesa kunama, koma milomo inakana. Misozi ndi imene inayamba, mawu anabwera pambuyo. Anafotokoza zonse, za mbuzi, za chiponde, za jekete.

Mayi Kayange anatseka sitolo dzuwa lili pamutu, makasitomala ali pakhomo. Anachita hayala galimoto, kukamutenga Jameson mpaka kuchipatala. Atamugoneka, anakhala pambali pa bedi n'kumugwira dzanja.

"Jameson, mwandichita chiyani? Malata ine ndili nawo odzaza sitolo. Mukanangonena kuti mama ndadwala, ndikanadikira ngakhale zaka ziwiri. Kukalipa kwanga n'kwapakamwa chabe. Chibadwireni sindinasasulepo nyumba ya munthu."

"Pepani, mama. Ndinkaopa."

"Ndiye miyezi yonseyi ine ndimalandira chakudya cha wodwala, n'kumathokoza?"

Jameson anamwetulira pang'ono. "Lisiti lomaliza mwabweretsa?"

Mayi Kayange analibe buku la malisiti. Anapempha kapepala kwa namwino, n'kulemba kuti ngongole yatha. Jameson anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakapereka kwa mkazi wake.

"Sunga. Tsopano denga ndi lako."

Madokotala anayesetsa, koma matenda anali atalowerera kwambiri. Patsiku lachinayi Jameson anatisiya.

Bokosi anagula ndi Mayi Kayange, ndipo analira kuposa abale ena. Tsiku la maliro mvula inagwa kuyambira m'mawa. Amayi anadzazana m'nyumba ija, ndipo panalibe amene ananyowa. Mayi wina, pofuna kutonthoza, ananong'oneza Tina kuti, "Komabe akusiyirani pabwino."

Tina anayang'ana kudenga n'kupukusa mutu.

"Bola likanamadontha, iwo ali pano."

Phunziro: Kubweza ngongole ndi ulemu, koma ngongole sitibweza ndi moyo. Matenda akakuchotsani ntchito, musabisale. Pitani kwa amene anakukongozani, muwauze zoona, mukambirane zochepetsa kapena zodikira. Musasiye mankhwala chifukwa cha ndalama, ndipo musatengere za pa bawo kuposa mawu a amene amagona nanu nyumba imodzi. Inunso okongoza, muzifunsa za munthu musanawerenge ndalama zake. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu. Itumizeni kwa abale ndi anzanu, mwina pali wina amene akudwala mobisa lero, ikamupeza nthawi isanathe.