Mzere umodzi umene aMawa sanalembe

Panali munthu wina, wolemba mapulogalamu a kompyuta pachipatala china chachikulu. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso. Anzake ankamutcha aMawa, chifukwa chilichonse chimene ungamuuze, yankho linali limodzi: "Ndikonza mawa." Kunyumba nakonso chimodzimodzi. Mkazi wake ankangoyenda pambuyo pake, kutseka mpopi, kutseka kabati, kutseka geti.

Tsiku lina anamupatsa ntchito yolemba pulogalamu yoyenda m'mafoda onse a kompyuta yaikulu ya chipatalacho, kusaka zithunzi za odwala zochokera kusikani, makina ojambula m'kati mwa thupi, kuti adokotala akalemba dzina, chithunzi chizibwera pompo. Pulogalamu yotere ikamatsegula foda imabwereka kamalo mu memore ya kompyuta, ndipo potuluka iyenera kubweza kamaloko. Ikapanda kubweza, memore imadzaza pang'onopang'ono mpaka kompyuta kuuma gwa.

Mkulu wake pantchito, amene onse ankamutcha Mayi Tsekani, anawerenga pulogalamuyo n'kuloza ndi cholembera.

"Achimwene, taonani apa. Foda ikakhala yopanda kanthu, pulogalamu yanu ikungotuluka osatseka. Chimene mwatsegula, tsekani."

"Aa, mayi, kamalo kake n'kochepa ngati kamchenga. Palaputopu yanga ikuthamanga bwinobwino."

"Laputopu yanuyo ili ndi mafoda angati?"

"Makumi awiri."

"Kuno alipo zikwizikwi, ndipo pulogalamu izizungulira ola lililonse."

"Chabwino, ndikonza mawa."

Mawa lakelo silinafike. Patangotha sabata, kompyuta inayamba kulemera. M'malo mokonza, aMawa anapeza kanjira kachidule. Lachinayi lililonse ankalawirira, kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, memore n'kupepuka. Mayi Tsekani atamufunsa, anayankha maso ali gwa kuti anakonza kalekale. Bodza limeneli linayenda miyezi isanu ndi umodzi.

Sabata ina, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu, anthu a kuofesi yosunga mafayilo ankakhuthulira m'kompyutamo mafoda akale a zaka khumi, ambiri opanda kanthu. Lachinayi aMawa anachedwa kudzuka. Anangoti, "Ndizimitsa mawa."

Lachisanu masana foni inalira. Mkazi wake wagundidwa ndi njinga yamoto powoloka msewu, wamenyetsa mutu, ndipo ali pachipatala chomwecho. AMawa anathamangira komweko. Anapeza mkaziyo atagona osayankhula, atamujambula kale kusikani. Adokotala ankalemba dzina lake pakompyuta, kulembanso, koma palibe chinkabwera.

"Magazi akutayikira m'kati mwa mutu," anatero adokotala. "Koma sindingang'ambe ndisanaone pachithunzi mbali imene akutayikira. Makina a sikani sasunga zithunzi, amatumiza kukompyuta yanu ija. Inu si amene mumaiyang'anira?"

AMawa anatuluka. Anathamangira kuchipinda cha kompyuta yaikulu, kuzimitsa, kuyatsa. Pulogalamu inayamba kuyenda m'mafoda kuchokera poyamba. Iye maso ali pa nambala ya memore, ikukwera, ikukwera. Patatha mphindi makumi atatu, isanafike n'komwe pa foda ya mkazi wake, inaumanso. Mafoda akale aja anali atachuluka moti kanjira kachidule kanali katatha ntchito.

Mayi Tsekani analowa akupuma mwawefuwefu.

"Werengetsani. Yatsegula kangati, yatseka kangati?"

Nambala zinabwera. Zotsegula zinaposa zotseka ndi zikwi makumi asanu ndi anayi.

"Paja munati munakonza?"

"Mayi, ndinanama. Mkazi wanga akufa."

"Kulira mulira pambuyo. Malo mukuwadziwa. Lembani."

Malo ankawadziwadi, pomwe paja Mayi Tsekani analoza ndi cholembera. AMawa analemba mzere umodzi wotseka foda ndi kubweza memore. Sizinamutengere ngakhale mphindi imodzi. Anayatsanso pulogalamu, nambala ya memore inaima phee, ndipo chithunzi chinafika kwa adokotala. Koma panali patadutsa ola ndi theka.

AMawa anakhala pabenchi panja pa chipinda cha opaleshoni, akudzuka chitseko chikangogwedezeka. Adokotala atatuluka anati, "Moyo tapulumutsa. Tikanayamba msanga, tikanapulumutsa zambiri."

Mkaziyo anachira, koma dzanja lake lamanja linafa. Mpaka lero sangathe kupotokola mpopi kapena kumanga batani la bulauzi. Mmawa uliwonse mwamunayo ndi amene amamumanga mabataniwo, limodzilimodzi. Mkaziyo amamuthokoza n'kumati, "Amuna anga, mwasintha bwanji, masiku ano mukutseka chilichonse." Iye amangoweramitsa mutu, chifukwa sanamuuzebe chimene chinachedwetsa chithunzi chija. Akuti amuuza mawa.

Phunziro: Chimene mwatsegula, tsekani lero lomwe, ngakhale chioneke chochepa. Wodziwa ntchito akakulozerani cholakwa, konzani, osachiphimba ndi bodza, chifukwa simudziwa amene adzagone pabedi tsiku limene kanjira kanu kachidule kadzakane. Musaisunge nkhaniyi m'foni mwanu mokha, itumizeni kwa aliyense amene mumamumva akuti "ndikonza mawa".