Tiyi Wosadzaza

Gogo Toktosun anathira tiyi wodzaza m'timbale titatu, koma m'kambale ka Cholpon anangodonthezamo pang'ono.

Cholpon ndi aphungu anzake atatuwo anachokera kumzinda wa Bishkek kudzaona mmene okalamba akusamalidwira panyumba ya bomayi yosungirako okalamba. Aliyense amene anafunsidwa ankangoti, "Tili bwino," maso ali kwa mkulu wa pamalopo, yemwe anaima pakhomo atapinda manja.

"Madalawa atipirikitsa mwaulemu," anaseka phungu wina poona kambale kake kakusefukira. "Wodzaza ndiye kuti imwa uzipita. Tiyeni, chipale chofewa chisanatitsekere msewu."

Cholpon anayang'ana kake. Tiyi wochepa umathirira mlendo amene sukufuna kuti achoke, kuti uzimuwonjezera nkhani zili mkati. Anakumbukira manja a madalawo powapatsa moni: anali ozizira ngati mwala wamumtsinje, ndipo iye anawafumbata nthawi yaitali.

Panja galimoto inaliza hutala.

"Tsogolani, ndikupezani," Cholpon anauza anzakewo. "Bwana, aperekezeni alendo anu."

Mkulu uja anazengereza, koma anatuluka nawo.

Cholpon anavula chikhoti chake n'kuwafunditsa a Toktosun m'mapewa.

"Bambo, mpaka kundimana tiyi? Ndakulakwirani chiyani?" anafunsa mwanthabwala.

"Ndakumana dala, mwana wanga. Ndikadzaza undithawa ngati anyamata aja."

Anamudonthezeranso pang'ono, kenako anakankha chitseko ndi ndodo yawo mpaka chinatsekeka.

"Tsopano dzuka. Gwira chitsulo icho amati chimatenthetsa chipinda chino, undiuze wekha ngati tili bwino."