Malovu a Agogo

Mlendo analowa mu saluni osaodira, foni ili m'manja, maso ali psuu. Chikwama chake cha zovala anachisiya pakhomo. Amayi ake anali akupesa imvi za agogo pampando wa pagalasi, poti Lolemba makasitomala amasowa.

Dzina loti Mlendo anamupatsa ndi makasitomala omwewo. Amayi ake anali aafupi, akuda, amawu ngati wailesi. Iye anali wamtali, woyererako, wa mpata m'mano. Bambo ake anamwalira iye asanabadwe, osasiya ngakhale chithunzi, ndiye anthu apakamwa anapeza podyera. Nawo amayiwo sankathandiza. Chikondi chawo chinali chokoka tsitsi ndi kukalipa. Mtsikanayo anakula akukayika, ndipo zinkamuwawa.

Kusukulu ya unamwino anamva za kuyeza DNA ya mitokondiriya. Imeneyi mwana amatengera kwa mayi ake okha, mayiwo kwa mayi awo, mzere wonse wa kuchikazi, ya bambo silowererapo. Mlendo anati apa ndiye pomwe. Atapempha amayi ake malovu, anamuyankha kuti akawafuna amulavulira kumaso. Kukanako kunangomutsimikizira. Anapita kwa agogo ndi kathonje, n'kuwapukuta m'tsaya, kuwanamiza kuti akuyeza shuga. Anatumiza malovuwo pamodzi ndi ake kukayezetsa. Ngati agogo anabala amayi, amayi n'kubala iye, malovu awiriwo anayenera kugwirizana.

"Zotsatira zatuluka," anatero Mlendo. "Ine ndi agogo sitikugwirizana ngakhale pang'ono. Achita kubwereza kuyezako."

"Ndiye?" anafunsa amayi ake, osatembenuka.

"Ndiye inuyo si mayi anga. Munanditola kuti?"

Amayiwo anamenyetsa chipeso patebulo, mabotolo a mafuta n'kugubuduka.

"Iwe, pakamwa pakopo! Zala izi zinapindika ndi kuluka tsitsi la eni kuti uphunzire, lero makina akuuze kuti ndine wakuba?"

"Kulera n'kwina, kubala n'kwina. Nkhanza zanu zija ndazimvetsa tsopano. Ndiuzeni dzina la amayi anga, ndichoke lero lomwe, musadzandionenso."

"Choka! Akukaniza ndani? Koma uyambe waona ichi."

Anakweza bulauzi. Pansi pa mchombo panali chipsera chachitali, chakuda.

"Apa anandicheka chifukwa cha yani? Unapingasa m'mimba monga wapingasira moyo wanga wonse. Sanandigoneke tulo, anangondichititsa dzanzi kumunsi. Ndinakuona akukutulutsa, kadzanja kako kali ndi zala zisanu ndi chimodzi. Chinacho anachidula ine ndikuona. Bwera undiuze kuti anandisinthira mwana!"

Mlendo anayang'ana dzanja lake lamanzere. M'mbali mwa chala chaching'ono munali kachipsera komwe ankangoti n'kobadwa nako. Mkwiyo unayamba kumuthera, mantha n'kulowa m'malo.

"Koma zoyezazi sizinama," anatero, mawu atatsika. "Mzerewu waduka penapake. Ngati sunaduke pakati pa ine ndi inu..."

Sanamalize. Awiriwo anakweza maso pagalasi, pomwe agogo anakhala phee, tsitsi mbali ina lopesa, mbali ina lili nyankhalala.

"Amayi?" anaitana amayi a Mlendo, bulauzi ikadali m'manja.

Agogo anadziyang'ana pagalasipo, n'kukonza thaulo la m'khosi.

"Basi inadzaza, amako anali ndi katundu wambiri, anati ndiwagwirireko mwana, iweyo uli khanda. Ine n'kuti nditaika ana anga atatu m'manda. Ndinatsika pasiteji yotsatira. Maliza kupesaku."